Mlendo Wosayang'ana M'maso

Mzime anali ndi pempho limodzi lokha, koma anazengereza kulinena mpaka tiyi wake anazizira.

Anali atakhala pa tebulo lawo la pakona, m'kanyumba ka tiyi komwe wailesi inafa kalekale ndipo mwini wake sanavutike n'kuikonzetsa. Malowa anawasankha ndi chibwenzi chake, Mapu, chifukwa cha bata lomwelo. Dzina loti Mzime linangomukakamira mtsikanayu chifukwa chokhala womaliza kubadwa kwawo. La Mapu analipereka ndi iyeyo. Tsiku lomwe anakumana pa siteji ya basi, iye anangofunsa njira ya kwa dokotala wa mano, mnyamatayo n'kumujambulira dera lonse kuseri kwa envelopu, osasiya ngakhale pomwe pamakhala chithaphwi mvula ikagwa. Basi inawasiya onse awiri. Ntchito ya mnyamatayo inalidi yojambula mapu, ndipo chibwenzi chinayambira pamenepo.

Mawa lake Mapu amayenera kukaonekera kwa makolo a Mzime. Nkhani yonse inali m'manja mwa bambo a mtsikanayo, omwe anamulera ngati dzira. Mzime ankadziwa mumtima mwake kuti bambowo atakana, iye sangathe kukwatiwa mowadutsa.

"Mawa kwathu kuli chinthu chimodzi chomwe ndikufuna usanene," anatero potsiriza.

"Chiti?"

"Za otizimu. Komanso za adokotala umakacheza nawo aja."

Mapu anasiya kuzunguza supuni m'kapu. Iye anabadwira kunja, kutsidya kwa nyanja yamchere, kwawo kwa amayi ake, ndipo kuno kwa bambo ake anabwera atakula kale. Kumeneko anamuyeza ali mwana n'kupeza kuti ali ndi otizimu. Nkhaniyi ankainena mopanda mantha, monga munthu amanenera kuti ndi wamanzere. Anamuuza Mzime zimenezi pa ulendo wachiwiri wokumana, asanadziwe n'komwe ngati amakonda tiyi wa mkaka.

"Ukufuna ndiname," anatero Mapu.

"Aaa, iwe! Kukhala chete si kunama."

"Kwawo kwa amayi anga ukamalowa m'nyumba ya anthu koyamba umanena. Amadziwiratu kuti phokoso likachuluka utuluka panja, ndiye sakhumudwa. Kumeneko ndi ulemu."

"Kwathu ukatchula dokotala wa maganizo, makutu awo amamva mawu amodzi basi, misala. Azakhali anga safuna kumva kawiri."

Mapu anayang'ana shuga yemwe anatayikira patebulo, n'kumusonkhanitsa ndi chala pang'onopang'ono. Mzime ankamudziwa. Akakhala chete chonchi sikuti wakwiya, amakhala akuyeza mawu kuti asalonjeze zomwe sangathe.

"Sindiyambitsa nkhaniyo," anatero. "Koma akandifunsa ndiyankha. Akanena za ine zomwe si zoona, ndiwakonza."

Mtima wa Mzime unakhala pansi. Ndani angafunse mawu omwe sanawamvepo? Anaona ngati wathana nazo.

"Nanga maso?" anafunsa Mapu. "Ndiziyang'ana bambo ako pamphuno? Kusukulu anandiphunzitsa choncho, kuti anthu aziganiza kuti ndikuwayang'ana m'maso. Koma zimanditopetsa, ndipo zonena zawo sindizimva bwino."

Mzime anaseka mpaka anagwira pamimba.

"Bambo anga ukawatong'olera maso ndiye akuthamangitsa ndi tsache! Yang'ana pansi, m'bale wanga. Wamng'ono sayang'ana wamkulu m'maso."

Mapu anangoti kukamwa yasa.

"Ndiye zaka zonse zija ndinkavutikira chiyani?"

* * *

M'mawa Mzime akukolopa pabalaza, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa Suti.

*Ndamva kuti lero kukubwera mlendo. Achimwene ako andiitana. Ndidzamuone mwamuna amene wandilanda mpando.*

Suti anali mnzake wa achimwene a Mzime, wogulitsa magalimoto, yemwe ngakhale dzuwa liswe mtengo sankavula jekete. Anamufunsira Mzime mpaka mtsikanayo anatopa n'kukana. Koma azakhali, mlongo wawo wa bambo, ankamukonda ngati anamubereka okha, makamaka chiyambireni kuwatengera ku tchalitchi pa galimoto.

*Mpando sunakhalepo wako,* anayankha Mzime, n'kuponya foniyo pa sofa.

Mapu anafika pa nthawi yake, atavala malaya oyera, mahedifoni ake otsekera phokoso atawabisa m'thumba monga anagwirizana. Suti anali atafika kale, atayala miyendo pampando waukulu, fungo la perefyumu wake litadzaza nyumba mpaka kukhitchini. Mzime anaona Mapu akuima pakhomo n'kumeza malovu. Fungo lamphamvu limamupweteka mutu. Komabe analowa, anapereka moni ndi manja awiri, maso ali pansi, n'kukhala pomwe anamulozera.

Abale inu, zinthu zinayenda bwino mochititsa mantha!

Bambo a Mzime anayendetsa malole a mtunda wautali moyo wawo wonse asanapume pantchito, ndipo m'nyumba monse munalibenso munthu wofuna kumva nkhani zawo za pamsewu. Ana anali atazimva mpaka kuziloweza. Tsikulo atangoyamba ya mlatho wachitsulo womwe unkagwedezeka lole ikamadutsa, achimwene a Mzime anatulutsa foni. Koma Mapu anadzutsa mutu pang'ono.

"Mlatho umene uja uli kumunsi kwa phiri lokhotakhota lija, bambo? Anaugwetsa. Watsopano anaumanga chakumtunda, chifukwa mtsinje unasuntha."

"Mtsinje unasuntha?" Bambo anasendeza mpando. "Ine ndinkawauza anthu kuti madzi aja akudya gombe la kumanzere, ankandiseka!"

"Munkanena zoona. Mapu akale ndi atsopano akusonyeza zomwezo."

Basi, awiriwo anayiwala kuti patebulo pali anthu ena. Mpeni unasanduka msewu, botolo la mchere phiri, mafupa a nkhuku midzi. Amayi anaitana kangapo kuti mpunga ukuzizira. Suti anayesa kulowetsa nkhani ya galimoto yatsopano yomwe yangofika kumene, koma bambo anangomuimika ndi dzanja osacheuka. Mzime anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Bambo ake anali asanaseke choncho chipumireni pantchito.

Atatha kudya, bambo anatsamira mpando n'kuloza Mapu ndi chala.

"Alongo," anatero kwa azakhali, "mwamuona mnyamata uyu? Anakulira kunja, koma chifikireni sanandiyang'anepo m'maso. Salongolola zachabechabe. Ana a masiku ano amakutong'olera maso ngati ndiwe mnzawo. Uyu analeredwa. Ulemu ndi umenewu."

Mzime anatambasula mwendo pansi pa tebulo kuti amuponde Mapu, koma anaponda mwendo wa tebulo.

"Zikomo, bambo," anatero Mapu, "koma si chifukwa cha ulemu. Ulemu ndimakupatsani, koma kusayang'ana m'maso ndi mmene ndinabadwira. Ndili ndi otizimu."



"Oti chiyani?" anafunsa bambo.

"Otizimu. Ubongo wanga umagwira ntchito mosiyana ndi wa anthu ambiri. Phokoso ndi fungo ndimazimva kwambiri. Munthu akanena china akutanthauza china, ndimachedwa kuzindikira. Koma zinthu monga misewu ndimazisunga bwino."

"Ubongo?" Azakhali anaika kapu pansi. "Ndi matenda?"

"Ayi, azakhali. Si matenda."

Nkhani ikanathera pomwepo, mwina ikanapola. Koma Suti anali atanunkhiza kale. Anamwetulira, n'kufunsa ndi mawu ofewa ngati a munthu wodera nkhawa.

"Pepanitu achimwene, ndingofuna kumvetsa. Ngati si matenda, ndiye kuti kuchipatala simupitako?"

"Ndimapitako. Ndimaonana ndi dokotala wa maganizo chifukwa cha nkhawa. Amandithandiza kwambiri."

"Mayo ine!" Azakhali anaika manja kumutu.

Aliyense anayamba kuyankhula nthawi imodzi. Azakhali ankafunsa Mzime ngati ankadziwa. Achimwene a Mzime ankafunsa ngati Mapu amamwa mapiritsi. Amayi ankati anthu akhale chete, koma mokuwa kuposa onse. Mpando unakwekwereka, supuni inagwa pansi. Mzime anaona zala za Mapu zikuyamba kugunda pabondo mofulumira, thupi likugwedezeka uku ndi uku, monga amachitira akafuna kudzikhazika mtima pansi. Kenaka anatseka makutu ndi manja onse awiri.

"Pepani," anatero, "ndituluke kaye."

Anatuluka osayang'ana kumbuyo. Azakhali anatsatira msana wake ndi maso, n'kunong'ona mokweza kuti aliyense amve.

"Mwaona? Zayambatu."

* * *

Mzime anakamupeza kunja kwa geti, atatsamira khoma, mahedifoni ali kumutu, maso atatseka. Anadziwa kuti sayenera kumugwira. Anaima chapatali, atakwiya, mpaka Mapu anavula mbali imodzi.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi," anatero Mzime. "Chimodzi chokha!"

"Sindinayambitse."

"Amakuyamikira! Ukanangoti zikomo, lilime likanathothoka?"

"Amayamikira munthu wina. Akanandilola chifukwa cha chinthu chomwe si choona, tsiku lina akanadzazindikira."

"Tsiku limenelo tikanakhala titakwatirana kale!"

Zala za Mapu zinali zikugundabe pa ntchafu, koma mwapang'onopang'ono.

"Bambo ako ndawakonda," anatero. "N'chifukwa chake sindinafune kuwabera."

Mkwiyo wa Mzime unasowa pogwira. Ichi ndi chomwe anamukondera munthuyu. Anyamata ena onse ankamulonjeza mwezi ndi nyenyezi, koma Mapu akati afika amafikadi, akati diresi silikukhala ndiye kuti silikukhaladi, ndipo akati ndimakukonda panalibe chifukwa chofufuzira kuseri kwa mawuwo. Lero khalidwe lomwelo ndi lomwe linamugwetsera denga pamutu.

"Pita kunyumba ukapume," anatero motopa. "Zotsalazo ndithana nazo."

"Uwauza chiyani?"

"Sindikudziwa."

* * *

Pobwerera anakumana ndi Suti pakhonde, akuseweretsa makiyi a galimoto.

"Pepa, Mzime. Ine sindimadziwa kuti zili choncho."

"Chokani apa."

"Nambala yanga sinasinthe," anatero Suti, n'kutsika masitepe akuimba likhweru.

Pabalaza mlandu unali utayamba kale. Azakhali anali atakhala kutsogolo kwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

"Iwe mwana, ukufuna kutilowetsera chiyani m'banja muno? Zinthu izi zimayenda m'magazi. Udzabereka ana otseka makutu, anthu azidzaloza nyumba ino ndi chala!"

"Si wamisala, azakhali. Amagwira ntchito, amakhala yekha, amadziphikira."

"Nanga kwa dokotala wa mutu amakatani? Munthu wabwinobwino amakalipira mlendo kuti amuuze zakukhosi? Abale alibe? Tchalitchi alibe?"

"Inu mukamapita kokayezetsa shuga timati mwapenga?"

"Tamumvani! Wayamba kale kuyankha mwano. Achimwene, mwanayu amudyetsa kanthu."

"Kumene anakulira, kupita kwa dokotala wa maganizo si chamanyazi."

"Ndiye akakwatire komweko!"

Amayi ankangopukuta tebulo lomwe linali loyera kale. Bambo anali chikhalire pampando wawo, akuyang'ana botolo la mchere lomwe linali likadali pomwe Mapu analiimika. Atakweza dzanja, onse anatonthola.

"Mzime, bwera ukhale apa."

Anakhala pafupi ndi mapazi awo, monga ankachitira ali mwana.

"Mnyamata uja ndamukonda," anatero bambo. "Sindibisa. Mutu wake ndi wakuthwa, ndipo wandiuza zoona pamaso pa anthu, pomwe akanatha kungolandira chiyamikiro. Koma ndamuona akugwedezeka, mwana wanga. Ndachita mantha. Ine ndakalamba. Ndikadzapita ndikufuna ndidzakusiye m'manja mwa munthu wokusamala, osati woti iwe uzidzamusamala."

"Amandisamala, bambo."

"Ndikufunsa funso limodzi, undiyankhe bwino. Zimenezi zimachira?"

Mzime ankalidziwa yankho. Mapu anali atamufotokozera kangapo konse kuti otizimu si chimfine, sikubwera n'kupita, ndi mmene munthu alili. Nkhawa ndi yomwe imachepa munthu akathandizidwa. Koma anayang'ana nkhope ya bambo ake, n'kuona kuti akumupempha kuti awapatse pogwira. Anaona azakhali atakonzekera kuomba m'manja akangomva kuti ayi. Chitseko chinali chitatsala pang'ono kutsekeka, ndipo iye anangoponyapo phazi.

"Zimachira, bambo. N'chifukwa chake amapita kwa adokotala."

Mapewa a bambo anatsika. Anapuma ngati munthu amene watula katundu.

"Ndiye palibe vuto. Timudikira. Akachira adzabwere, ine ndidzakupereka ndi manja awiri."

"Achimwene!" anakuwa azakhali.

"Ndanena, alongo."

Mzime anathawira kukhitchini n'kutsegula mpopi kuti anthu asamve kulira kwake. Sanakanidwe, koma chimwemwe panalibe. Anadzilimbitsa mtima kuti wangogula nthawi. Bambo adzamuzolowera Mapu, adzacheza za misewu, ndipo mawu aja adzaiwalika okha.

Analembera Mapu uthenga. *Sanakane. Ati tidikire pang'ono. Ndimakukonda.*

Yankho linabwera mwamsanga. *Nanenso ndimakukonda. Tidikire chiyani?*

Mzime anayang'ana funsolo, analemba, anafufuta, analembanso. Potsiriza anaika foni m'thumba osayankha.

* * *

Tsiku lotsatira masana uthenga wina unafika kuchokera kwa Mapu. *Tikumane pa tebulo lathu ukaweruka.*

Anamupeza atafika kale, tiyi wa onse awiri ataitanitsa, wa Mzime atamuthirira mkaka monga amakondera. Izi zinamulimbitsa mtima pang'ono. Koma Mapu anali asanakhudze kapu yake.

"Bambo ako anabwera ku ofesi m'mawa uno," anatero.

Mzime anaphonya mpando pang'ono pokhala.

"Bambo anga? Ku ofesi kwanu?"

"Anavala jekete ndi tayi. Anandidikira pabenchi mpaka nditatuluka. Anapepesa chifukwa cha phokoso la dzulo. Anati ndisachite manyazi, matenda sasankha munthu. Anati akudziwa dokotala wina wamkulu komanso abusa ena amphamvu, ndipo kulikonse komwe kuli thandizo adzandiperekeza okha, ngakhale kukhale kutali bwanji. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndikachira ndidzakhala mwana wawo."

Mawu a Mapu anali osalala monga mwa nthawi zonse, koma zala zake zinkagunda pabondo mofulumira pansi pa tebulo.

"Palibe munthu wamkulu amene anandichitirapo chifundo chotere," anapitiriza. "Ndipo palibe amene anandipwetekapo chotere."

"Mapu, tamvera..."

"Ndinawauza kuti sindidzachira, chifukwa sindikudwala. Ndinati mmene anandionera dzulo ndi mmene ndidzakhalire ndili ndi imvi. Ndidzasekabe nawo za milatho, ndipo phokoso likachuluka ndidzatulukabe panja."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anakhala pabenchi paja nthawi yaitali. Kenaka anati, 'Ndiye kuti mwana wanga wandinamiza?' Ine ndinati sindikudziwa, ndikamufunsa."

"Ukudziwa chifukwa chake ndinatero! Akanakana pomwepo. Ndimafuna kutipulumutsa."

"Ndaganizira zimenezo. Zikhoza kukhala choncho." Mapu anasuntha kapu yake pang'ono, n'kuibwezera pomwe inali. "Koma pali njira ziwiri, ndipo ine sinditha kuwerenga nkhope yako kuti ndidziwe yoona. Mwina unawanamiza bambo ako. Apo ayi sunawanamize, nawenso ukudikira kuti ndidzachire. Ngati ndi choncho, munthu amene ukumudikirayo kulibe, Mzime. Alipo ndi ine ndekha."

Mzime anafuna kukana, koma mtima unamutsutsa. Anakumbukira maphwando omwe anapitako yekha, akudziuza kuti tikadzakwatirana adzazolowera. Anakumbukira ukwati womwe ankaulota, wa zoimbira zogwedeza denga, Mapu akuvina pakati pa anthu, ndipo sanadzifunsepo kuti Mapu ameneyo adzachokera kuti. Ankamukonda, zimenezo sankakayika. Koma manyazi anamugwira poona kuti kakona kena ka mtima wake kanali kakudikiradi.

"Ndimakukonda," anatero, misozi ikutsika.

"Ndikudziwa. Si zomwe ndafunsa."

Foni ya Mzime, yomwe inali patebulo pakati pa makapu awiri aja, inayamba kunjenjemera. Onse awiri anawerenga dzina lomwe linaoneka. Anali bambo.

Mzime anatambasula dzanja kuti aidule, koma Mapu anaikankhira kwa iye ndi chala chimodzi.

"Yankha," anatero. "Funso lawo ndi langa ndi limodzi. Uike mokweza, nanenso ndimve."